Si kamwana ka nkhwali ayi, ndi zinziri

Pa ntchito yanga yofufuza za mbalameyi funso ili limabwera pafupipafupi: mukuyenda mu udzu, kambalame kangodzuka pa phazi penipeni kuti phururu, kuuluka chapansipansi kenako kugweranso mu udzu momwemo, kodi ndi kamwana ka nkhwali? Nthawi zambiri ayi, imeneyo ndi zinziri ndipo ndi yaikulu kale, kukula kwake nkomweko, masentimita 16 mpaka 18 basi.

Thupi ndi lobulungira, mchira ngati palibe, nthenga zofiirira zamizeremizere yotuwa ngati udzu wouma, nde ikangoti phee pansi mutha kuiponda osaiona. Kuuluka siikonda, imadalira kuthamanga ndi kubisala. Nchifukwa chake ine ndimawauza anthu kuti yambani ndi khutu, yaimuna imalira mawu atatu akuthwa, "twit, twi-twit", mobwerezabwereza makamaka mmamawa ndi madzulo, koma kuti muloze pomwe ili mudzavutika, mawuwo amamveka ngati akuchokera kwina.

Chisa chake ndi kadzenje chabe pansi pa udzu, yaikazi imaikira mazira 8 mpaka 13 nkuwakhalira yokha masiku 17 mpaka 20, anapiye akangoswa tsiku lomwelo ayamba kale kuyenda nkumatola okha tizilombo. Zikuluzikulu zimadya njere za udzu, chiswe ndi tiziwala. Pali mtundu wina womwe yaimuna yake ili ndi mizere yakuda ndi yoyera kukhosi, pachifuwa pakuda, m'mbali mofiira, umenewu umatsata mvula, chaka china zimangoti mbwee chaka china zii.

Tsono pomwe anthu amasokonezeka, ngakhale ife a ntchitoyi nthawi zina, ndi kambalame kena kotchedwa buttonquail. Kamafanana ndi zinziri kwambiri koma si pachibale nkomwe, abale ake ndi mbalame za m'mphepete mwa nyanja. Mukakapeza pafupi werengani zala. Zinziri ili ndi zitatu kutsogolo ndi kachala kamodzi kumbuyo, buttonquail ili ndi zitatu zokha, ndipo diso lake ndi loyererako. Kwa iyoyi zinthu ndi zotembenuka, yaikazi ndiyo yaikulu komanso yowala nthenga, ndiyonso imaitana ndi kulira kwa pansipansi kuti huu huu ngati ng'ombe ili patali, ikaikira mazira imamusiyira bambo kuti akhalire ndi kulera ana, iyo ulendo kukasaka mwamuna wina.