Thandizo la khonsolo lofunditsira nyumba ku England: musadikire nkhungu ifike pabedi la mwana

Ntchito yanga ndi yoyendera nyumba za anthu m'chigawo chapakati cha England, kufufuza kumene kutentha kukuthawira ndi kulemba lipoti limene khonsolo imatsatira posankha zoti zikonzedwe. Chisanu chikayandikira ndimamva mawu omwewo kwa abale athu ochokera ku Malawi. Wina amati, "Zimenezo ndi za anthu a mabenefiti, ife timagwira ntchito," ndipo wina amati, "Ine ndine wa lendi, sizikundikhudza." Onse awiri akulakwitsa, ndipo ndatopa kuona ana akutsokomola chifukwa cha kulakwitsa kumeneku.

Kuyambira mu Epulo 2025, boma linapatula mapaundi 500 miliyoni oti makhonsolo a ku England akonzere nyumba za mabanja opeza zochepa kufikira mu Malichi 2028, kudzera mu ndondomeko ya Warm Homes: Local Grant. Nyumbayo iyenera kukhala yanu kapena yochita lendi kwa munthu wamba, ndipo satifiketi yake ya EPC, yosonyeza mmene nyumba imasungira kutentha ndi kugwiritsa ntchito magetsi ndi gasi, ikhale pa D, E, F kapena G. Ngati ndalama zimene banja lonse limapeza pachaka sizipitirira mapaundi 36,000, mukhoza kulembetsa ngakhale simulandira benefiti iliyonse, ndipo ena amalowa chifukwa cha dera limene amakhala. Khonsolo ikavomereza, imatumiza munthu ngati ine, kenako amisiri amayala insulation, zofunditsira zoletsa kutentha kuthawa, kudenga, m'makoma kapena pansi, ndipo kwina amaika sola kapena makina otenthetsera nyumba a heat pump. Amene viza yanu imaletsa kulandira thandizo la boma, yambani mwafunsa kukhonsolo kapena ku bungwe lopereka uphungu waulere la Citizens Advice musanalembetse, koma funsanidi, musangodzigamula nokha kuti sizingatheke.

Pali banja lina limene silichoka m'maganizo mwanga. Mayi wake wa banjali amasamalira okalamba usiku, ndipo amakhala m'nyumba yakale ya njerwa, ya makoma opanda mpata pakati, imene EPC yake inali pa E. Nditafika mu Novembala ndinapeza kabowo kolowetsa mpweya m'chipinda chogona katamatidwa ndi katoni ndi selotepi, zovala zonyowa zitayanikidwa pa hita, ndipo mawindo akuyenderera madzi mpaka pansi. Titasuntha wadiropu, khoma lonse kuseri kwake linali lakuda bii ndi nkhungu, pafupi penipeni ndi pamene mwana wa zaka zinayi amatsamiritsa mutu wake. Hita ankayatsa ola limodzi lokha madzulo poopa bilu ya gasi, pamene azaumoyo kuno amalangiza kuti m'nyumba musazizire kutsika pa madigiri 18.

Ndinawauza kuti akuyenerera thandizoli ndipo chotsala ndi chilolezo cha landilodi. Anandiyankha motsitsa mawu kuti, "Achimwene, tikangodutsa Khirisimasi ndiwauza," chifukwa ankaopa kuti akangotchula za nkhungu, lendi ikwera kapena awauza kuti asamuke. Analembetsa mu Malichi, mndandanda wa odikira utatalika kale, ndipo m'miyezi imene anazengerezayo mwana anagonekedwa m'chipatala kawiri chifukwa cha kubanika. Chimene chimandipweteka kwambiri n'chakuti landilodiyo anavomera tsiku lomwe anauzidwa, pakuti pa ndondomekoyi nyumba yoyamba ya landilodi imalipiridwa yonse, ndipo amayamba kusonkha theka la ndalama pa nyumba zotsatira. Ndinayenera kudzipereka kulemba kalata yopita kwa landilodiyo ndekha mu Novembala momwemo, ndipo masiku ano ndimatero. Tisaiwale kuti Awaab Ishak, mwana wa zaka ziwiri wa ku Rochdale, anamwalira mu Disembala 2020 chifukwa chokhala nthawi yaitali m'nyumba ya nkhungu.

Ndalama za khonsolo zili ndi malire, ndipo kuchokera pa kulembetsa kufika tsiku limene amisiri agogoda pamadutsa miyezi. Wolembetsa mu Janyuwale, mano akugundana, akukonzekera chisanu cha chaka chamawa.

Tsono pamene anthu oyenerera akuzengereza, akathyali sazengereza. Amabwera pakhomo atavala jekete yonyezimira, kapena amaimba foni, n'kunena kuti atumidwa ndi boma ndipo mwayi ukutha lero lomwe. Musasayine kalikonse pakhomo, musapereke dipoziti, ndipo musaonetse makalata anu a kubanki kwa munthu amene simunamuitane. Lembetsani nokha pa webusaiti ya boma ya GOV.UK kapena imbani foni kukhonsolo yanu, pa nambala imene mwaipeza nokha, n'kufunsa dzina la kampani imene anaipatsa ntchitoyo, kenako onani ngati ili m'kaundula wa amisiri ovomerezeka wa TrustMark. Chenjerani kwambiri ndi amene akufuna kupopera thovu la spray foam kunsi kwa denga lanu. Ndaonapo mitengo ya denga itafumbwa ndi chinyezi chobisika kuseri kwa thovulo, ndipo mabanki ambiri amakana kupereka ngongole yogulira nyumba yotere, kotero kuti mwini wake amavutika kuigulitsa mpaka atalipira ena kuti adzalichotse.

Ngakhale amisiri olembetsedwa muziwayang'anitsitsa. Mu Janyuwale 2025 boma linaimitsa makampani 39 chifukwa cha ntchito yosalongosoka pa makoma m'ndondomeko zina zofunditsira nyumba za ECO4 ndi Great British Insulation Scheme, ndipo mu Okutobala chaka chomwecho ofesi yofufuza kagwiritsidwe ntchito ka ndalama za boma ya National Audit Office inanena kuti nyumba 98 pa 100 zilizonse zimene zinakutidwa makoma akunja m'ndondomeko zimenezi zikufunika kukonzedwanso. Nyumba ikafunditsidwa popanda njira yotulutsira nthunzi ya kuphika, kusamba ndi kupuma kwathu komwe, madziwo amakhazikika pakhoma lozizira ndipo nkhungu imabwerera yochuluka kuposa kale. Choncho woyendera nyumba akabwera, mufunseni kuti mpweya uzituluka bwanji kubafa ndi kukhitchini, ndipo ngati sakuyankha zomveka, dziwitsani khonsolo ntchito isanayambe. Ikatha, sungani pepala la chitsimikizo cha ntchitoyo pamodzi ndi makalata a nyumba, ndipo katoni ija muichotse pa kabowo ka mpweya.