Mchere, nthenga ndi kandulo pazenera la gogo wa ku England

Ntchito yanga kuno ku England ndi kuphunzitsa ogwira ntchito m'zipatala ndi m'nyumba zosamalira okalamba za zipembedzo za anthu amene amawasamalira. Zaka zapitazi m'makalasi mwanga mwachuluka anthu akwathu, a ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe. Tsiku lina pa nthawi ya tiyi mayi wina anandikokera pambali. "Bambo, m'chipinda cha gogo wina muli zinthu zosaoneka bwino. Pazenera ayalapo kansalu kobiriwira, pali kambale ka mchere, nthenga ya khwangwala, kandulo ndi chikho cha madzi. Eniake akuti ndi witch, akunena okha osachita manyazi. Ine zopukuta pamenepo ayi, ndili ndi ana."

Mantha awo ndinawamvetsa. Kwathu mfiti ndi munthu wolodza, wotamba usiku, wouluka pa lichero, ndipo palibe amene amadzitchula dzina limeneli masanasana. Vuto linayambira pa kumasulira liwu loti witch kuti mfiti. Gogoyo anali Mpagani wopembedza payekha, ndipo pazenera paja panali paguwa pake.

Liwu loti Pagan linachokera ku Chilatini, paganus, kutanthauza munthu wakumudzi. Akhristu akale a ku Roma analisandutsa dzina la aliyense wosalowa m'tchalitchi, monga ife tinaphunzirira kunena kuti "akunja". Apagani a lero anatola dzina lonyozalo n'kulivala okha. Ndi anthu a ku Ulaya, America, Australia ndi madera ena amene akufuna kutsitsimutsa kupembedza kumene kunali ku Ulaya Chikhristu chisanafike. Ali m'magulu angapo. A Wicca amalemekeza mulungu wamkazi ndi mulungu wamwamuna. A Druid amatsamira pa miyambo ya Aselote a ku Ireland, Wales ndi Britain wakale. A Heathen amaitana milungu ya kumpoto monga Odin, Thor ndi Freyja. Onsewa amagwirizana pa mfundo yoti dziko lenilenili, nthaka, mitsinje, mwezi ndi thupi la munthu, n'lopatulika. Satana samukhulupirira n'komwe, amati ndi wa m'chiphunzitso cha Akhristu. Mulungu wamwamuna wa a Wicca amajambulidwa ali ndi nyanga, zimene zimasokoneza kwambiri ife amene liwu loti nyanga limatikumbutsa za kwa sing'anga. Zawozo ndi nyanga za mphalapala ya m'nkhalango za ku Ulaya, chizindikiro cha nyama zakutchire ndi mphamvu yobereka.

Chipembedzochi si chakale monga ena mwa eniake amafunira. Lamulo loletsa ufiti la 1735 litachotsedwa ku Britain mu 1951, Gerald Gardner, amene anagwirapo ntchito m'boma la atsamunda ku Malaya, anatulukira poyera. M'buku lake la 1954 lotchedwa Witchcraft Today ananena kuti anapeza kagulu ka anthu osunga chipembedzo chakalekale ku England. Akatswiri a mbiri yakale, makamaka Ronald Hutton wa pa yunivesite ya Bristol, anaonetsa kuti zambiri Gardner anachita kulumikiza yekha kuchokera m'mabuku ndi m'magulu achinsinsi a nthawi yake, ndipo Doreen Valiente anakonza ndi kulemba ena mwa mapemphero amene akugwiritsidwabe ntchito. Apagani ambiri amene ndimacheza nawo amavomereza zimenezi osatekeseka. Amati chipembedzo chilichonse chinali chatsopano tsiku lina.

Pa nthawi ya Gardner munthu sankangodzuka n'kukhala wa Wicca. Ankayenera kulowa m'kagulu kotchedwa coven, ka anthu osapitirira 13, n'kuvinidwa ndi amene anavinidwa kale, monga pa chinamwali. Zinasintha ndi mabuku. Mu 1988 Scott Cunningham wa ku America anatulutsa buku lophunzitsa munthu kupembedza payekha, n'kunena kuti munthu angathe kudzipereka yekha kwa milungu popanda namkungwi. Akuluakulu a m'magulu anang'ung'udza, koma anthu anathamangira bukulo. Kenako inabwera intaneti. Helen Berger, amene wafufuza Apagani a ku America kwa zaka zambiri, anapeza kuti ambiri mwa iwo tsopano amapembedza paokha. Pa kalembera wa 2021 ku England ndi Wales, anthu pafupifupi 74,000 analemba kuti ndi Apagani, kuchoka pa 57,000 mu 2011, ndipo ena 13,000 analemba kuti ndi a Wicca. Anthu ochepa chonchi, omwazikana m'dziko la anthu pafupifupi 60 miliyoni, n'zosadabwitsa kuti ambiri alibe mnzawo wopemphera naye pafupi. Ena amabisa poopa abale kapena abwana. Ena anatuluka m'matchalitchi atatopa ndi kulamuliridwa, ndipo safunanso wina woima kutsogolo kwawo.

Tibwerere pazenera paja, chifukwa chilichonse chinali ndi tanthauzo. Mu Wicca mbali zinayi za dziko zimayendera limodzi ndi zinthu zinayi: kum'mawa ndi mpweya, kum'mwera ndi moto, kumadzulo ndi madzi, kumpoto ndi nthaka. Nthenga imaimira mpweya, kandulo moto, chikho madzi, mchere nthaka. Gogoyo, nditapempha kuti ndicheze nawo, anandionetsa zimene amachita m'mawa uliwonse. Amataya madzi a dzulo m'kamphika ka maluwa, osati m'sinki. Amatunga ena. Amatsina mchere pang'ono n'kuuthira m'madzimo, n'kuviika chala n'kudzikhudza pamphumi. Amayang'ana kumene kukutulukira dzuwa, ngakhale kuli mitambo monga kumakhalira masiku ambiri kuno, n'kupuma mozama katatu. Amanena mawu ochepa othokoza Brigid, mulungu wamkazi wa ku Ireland wa moto, machiritso ndi ndakatulo, n'kutchula mayina a mayi awo ndi agogo awo. Zonsezi sizikwana mphindi zisanu. Akatero amamwa tiyi.

Zimenezi ndi zimene ndimavutika nazo kufotokozera ophunzira anga, amene amayembekezera zoopsa. Gawo lalikulu la chipembedzo cha Mpagani wopembedza yekha ndi tizinthu ting'onoting'ono tobwerezabwereza. Wina amatakasa phala mozungulira monga limayendera dzuwa, akuganizira za thanzi la amene adye. Wina amayenda njira imodzimodzi m'paki tsiku lililonse, kuyang'ana tsiku limene mtengo wakutiwakuti wayamba kuphuka. Wina amatola zinyalala m'mbali mwa mtsinje n'kumati imeneyo ndiyo nsembe yake. A Heathen amathira pansi mowa wa uchi pa mwambo umene amautcha blót. Ambiri amasunga kope lolembamo mapemphero, maloto ndi zimene ayesa, limene a Wicca amalitcha Book of Shadows. Dzinalo ndi loopsa, koma m'kati nthawi zambiri mumakhala zolemba ngati za m'dayale, pena ndi kaphikidwe ka buledi.

Mwambo waukulupo umachitika mwezi ukakhala wathunthu, pafupifupi masiku 29 ndi theka aliwonse. Munthu amasesa chipinda, n'kuyenda mozungulira akuloza pansi ndi chala, ndodo kapena mpeni wamwambo wotchedwa athame, ngati akulemba bwalo. Mpeniwo sachekera kanthu. Bwalolo ndilo kachisi wake wa usiku umenewo. Amaitana mbali zinayi zija, amapemphera kapena kusinkhasinkha, amadya kabisiketi n'kumwa pang'ono, zotsala n'kukathira panja. Pomaliza amathokoza amene anawaitana n'kumasula bwalolo, chipinda n'kubwerera kukhala chogona.

Nanga zamatsenga? Zilipo, sindibisa. Ambiri amayatsa kandulo yobiriwira pofuna ntchito, kapena kumanga mfundo pa chingwe pofuna kuti wodwala achire. Ena amakhulupirira kuti zimasunthadi zinthu, ena amati zimangowongola maganizo a wochitayo. A Wicca ali ndi lamulo lalifupi loti chita chimene ufuna malinga usapweteke aliyense, ndipo ambiri amakhulupirira kuti chimene watumiza chimakubwerera katatu. Si Apagani onse amatsatira zimenezi, ndipo alipo amene amatemberera, koma za kudya anthu kapena kuphunzitsa ana kutamba mulibemo.

Chimene chimagwira moyo wawo pamodzi ndi kalendala ya zikondwerero zisanu ndi zitatu. Zinayi zimatsata dzuwa: tsiku lalifupi kwambiri cha pa 21 Disembala, lalitali kwambiri cha pa 21 Juni, ndi masiku awiri amene usana ndi usiku zimafanana, mu Malichi ndi mu Seputembala. Zinayi zina n'zochokera kwa Aselote: Imbolc kumayambiriro a Febuluwale, Beltane pa 1 Meyi, Lughnasadh pa 1 Ogasiti ndi Samhain pa 31 Okutobala. Palibe mtundu wakale umene unkasunga zonse zisanu ndi zitatu. Anaziphatikiza ndi Gardner ndi mnzake Ross Nichols, amene anayambitsa gulu la Order of Bards, Ovates and Druids mu 1964. Ndisanakhale kuno sindinkamvetsa chifukwa chake anthu angapembedzere kutalika kwa tsiku. Ku Lilongwe usana umangosintha pakati pa maola 11 ndi 13. Ku London mu Disembala sukwana maola 8, pamene mu Juni umapitirira 16. Ukakhala nyengo yozizira imodzi ukupita kuntchito kuli mdima n'kubwerako kuli mdima, umamvetsa munthu woyatsa kandulo pa 21 Disembala kulandira dzuwa, monga timamvetsera kufunika kwa mvula yoyamba. Apagani a ku South Africa ndi Australia ambiri amatembenuza kalendalayi: chikondwerero cha tsiku lalifupi amachita mu Juni, Samhain kumapeto kwa Epulo.

Pa Samhain ndi pamene munthu wakwathu amayamba kugwedeza mutu movomereza. Usiku umenewo amaika zithunzi za omwalira paguwa, amaphika chakudya chimene malemu ankakonda, n'kuwapakulira mbale yawo. Ena amadya ali chete. Amene anaonapo ufa kapena mowa ukuthiridwa patsinde pa mtengo, mayina a makolo akutchulidwa, sangaone chachilendo. Koma kusiyana kwake n'kwakukulu. Nsembe yakwathu ndi ya mbumba ndi mudzi. Ili ndi eniake, wamkulu wa banja kapena mfumu, ndipo ku kachisi wa Mbona ku Khulubvi m'boma la Nsanje munthu sangangofika n'kuyamba mwambo wake. Mpagani wopembedza yekha ndi wansembe, mpingo ndi namkungwi, zonse mwa munthu mmodzi. Miyambo yake sanailandire kwa agogo, anaifuna m'mabuku n'kusankha yomukomera.

Apa ndi pamene ndimaona mphamvu yake ndi kufooka kwake. Palibe amene amamukakamiza, choncho chimene amachita amachichitadi ndi mtima. Koma palibenso womudzudzula akasokera. Amalonda analowapo kale, akugulitsa timiyala tonyezimira ndi lubani pa mitengo yoboola m'thumba, ndipo pa TikTok pali aphunzitsi amene anayamba dzana. Eni nthaka a ku America akhala akudandaula kuti chitsamba chawo chopatulika cha white sage chikuzulidwa n'kugulitsidwa kwa anthu osadziwa mwambo wake. Choopsa kwambiri, chimene ndimakumana nacho pantchito, ndi ukalamba. Munthu wa mpingo akadwala amayi a chigwirizano amabwera. Amene wapemphera yekha zaka 40 akagona m'chipatala, palibe wodziwa kuti mawa ndi Imbolc, ndipo akamwalira abale sadziwa choti anene pamaliro. Bungwe la Pagan Federation, limene linayamba mu 1971, limayesetsa kupeza anthu okayendera odwala ndi akaidi, koma ndi ochepa.

Ndiwonjezere chenjezo limodzi lokhudza liwu lija. Apagani a ku South Africa amene amadzitcha witch anapempha mu 2007 kuti lamulo la 1957 loletsa ufiti liunikidwenso, ndipo sanamvane ndi asing'anga ambiri a kumeneko, amene kwa iwo liwulo limatanthauza wolodza basi. Ku Malawi lamulo la 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti komanso kudzitcha mfiti, ndipo tonse tikudziwa za agogo amene aphedwa chifukwa cha dzina limeneli. N'chifukwa chake pophunzitsa sindimasulira witch wa ku England kuti mfiti. Ndimangoti wa Wicca kapena Mpagani.

Kwa ogwira ntchito, nkhani ndi yosavuta. Lamulo la Equality Act la 2010 limateteza chipembedzo cha gogo uja monga limatetezera chanu. Simukukakamizidwa kupemphera nawo. Musasunthe za paguwa musanapemphe, ndipo musataye mchere kapena madzi poganiza kuti ndi zotsala. Mpeni wamwambo ukhale nkhani ya akuluakulu a panyumbapo. Kandulo yamoto siloledwa m'zipinda zambiri, ndipo ya gogo uja inali isanayatsidwe chilowereni m'nyumbamo, chinthu chimene chinkawawawa koma osanena.

Mayi aja sanasinthe chikhulupiriro chawo, amaimbabe kwaya Lamlungu lililonse, ndipo nthenga ya khwangwala ija saikhudza mpaka lero. Koma ndi iwo amene anakagula kandulo ya batire n'kukapereka. Pa 31 Okutobala gogoyo anapempha kuti wina awatulutsire kambale ka buledi ndi tchizi, akakaike pansi pa mtengo wa maapozi kuseri kwa nyumba, chifukwa miyendo inali itakana. Mayiwo anafunsa kuti n'cha yani. Gogo anati n'cha mayi awo, amene anamwalira kalekale. Mayi aja ananyamula mbaleyo ndi manja awiri n'kutuluka nayo.