Bizinesi yodula ndi kusadza mitengo ku England: mayankho athu pa zipangizo, galimoto ndi ndalama

Chiyambireni abale athu ena okhala ku England kulowa m'bizinesi yodula ndi kusadza mitengo m'makomo mwa anthu, ofesi yathu yakhala ikulandira mafunso omweomwewo pafoni ndi pa WhatsApp, ena aulemu, ena aukali ndithu. Chotidandaulitsa n'chakuti ambiri amatifunsa atagula kale galimoto kapena atasaina kale ngongole. Mayankho ali m'munsimu akukhudza England, chifukwa ku Scotland, Wales ndi Northern Ireland malamulo ena ndi osiyana, ndipo sakulowa m'malo mwa uphungu wa akauntanti kapena loya.

Kodi aliyense wokhala m'dziko muno mololedwa angayambe bizinesi imeneyi?

Ayi, ndipo apa ndi pamene timakanganirana kwambiri ndi otifunsa. Kuloledwa kukhala m'dziko ndi kuloledwa kudzilemba ntchito wekha ndi zinthu ziwiri zosiyana. Amene ali ndi unzika kapena chilolezo chokhala mpaka kalekale alibe choletsa. Amene ali pa viza ya Graduate amaloledwa kuchita bizinesi yawoyawo, koma vizayo ili ndi tsiku lothera, choncho ngongole ya zaka zisanu pa chilolezo chotsala ndi chaka chimodzi ndi nkhani yoyamba kuiganizira mofatsa. Amene ali pa viza ya Student saloledwa kudzilemba ntchito, ngakhale Loweruka lokha, ngakhale malipiro ake akhale a pamanja.

Gulu lovuta ndi la omwe ali pa Skilled Worker kapena Health and Care Worker, omwenso ndiwo ambiri mwa otifunsa. Chilolezo chawo chimamangika pa bwana amene anawaitanitsa. Malamulo amalola ntchito yowonjezera yosapitirira maola 20 pa sabata, koma si ntchito iliyonse imene imaloledwa, ndipo mndandanda wa ntchito zololedwazo wakhala ukusinthidwa. Ife sitinganene kuti wakutiwakuti ayambe kapena asayambe. Lamulo la dziko lino limaletsa kupereka uphungu wa za viza popanda kuvomerezedwa ndi Immigration Advice Authority, imene kale inkatchedwa OISC, kapena popanda kukhala loya wovomerezeka, ndipo ife tilibe chilolezo chimenecho. Tikudziwa kuti ena amati tikuzemba. Koma yankho lolakwika pa mfundo imeneyi lingathetse chilolezo cha banja lonse, n'chifukwa chake timakutumizani kwa oyenera musanagule ngakhale chingwe.

Kodi pali laisensi ya chainsaw?

Laisensi ngati ya galimoto palibe. Chimene chilipo ndi lamulo la PUWER la 1998, limene limafuna kuti wogwiritsa ntchito makina akhale wophunzitsidwa mokwanira, ndipo pa ntchito ya mitengo umboni wake ndi ziphaso za City & Guilds NPTC kapena Lantra. Anthu a m'ntchitoyi amazitchulabe ndi mayina akale: CS30 ya kusamala makina ndi kuduladula mtengo wogwa kale, CS31 ya kugwetsa mitengo ing'onoing'ono, CS38 ya kukwera ndi kupulumutsa mnzako m'mwamba, ndi CS39 ya kudula uli pachingwe. Popanda mapepala amenewa, a inshuwalansi angathe kukana kulipira ngozi ikachitika, ndipo makhonsolo sangakupatseni ntchito. Kuti munagwetsa mibawa ingati kumudzi sakufunsa.

Kodi zida zogwiritsidwapo kale ntchito n'zololedwa?

Chainsaw ya Stihl kapena Husqvarna yogula kwa munthu ilibe vuto ngati buleki ya tcheni ikugwira komanso muli ndi umboni wakuti si yakuba. Zingwe, lamba wokwerera ndi ngowe zake musagule kwa munthu amene simukudziwa mmene anazigwiritsira ntchito. Lamulo la LOLER limafuna kuti zida zonse zonyamula munthu ziyenderedwe ndi katswiri miyezi isanu ndi umodzi iliyonse, ndipo chida chopanda nambala yowerengeka kapena mbiri yake katswiriyo angachikane pomwepo. Kumbukiraninso kuti wokwera amavala thalauza la Type C lotchinga mwendo wonse, osati la Type A lotchinga kutsogolo kokha.

Ndinagula tipa ya matani 3.5. N'chifukwa chiyani andilipiritsa chindapusa ndisanadzaze n'komwe?

Funso limeneli labwera kangapo, ndipo nthawi zonse wofunsayo amakhala atamva molakwika tanthauzo la nambalayo. Makilogalamu 3,500 si katundu amene galimoto inganyamule. Ndi kulemera kwa zonse pamodzi: galimotoyo, bokosi lachitsulo la zinyenyeswa, kabati ya zida, dizilo, inu ndi anzanu awiri, kenako katundu. Ford Transit, Iveco Daily kapena Isuzu Grafter ikamangidwa bokosi lalitali, malo otsala a katundu nthawi zambiri amakhala pafupifupi tani imodzi, mwinanso osafika. Zinyenyeswa zaziwisi n'zolemera kuposa mmene zimaonekera. Bokosi likafika theka, n'kuponyamo zigobo zitatu za oak pamwamba, masipuling'i akumbuyo amakhala ataphwatalala kale ndipo matayala atafufuma m'mbali, zimene woyendera wa DVSA, bungwe la boma loyendera magalimoto pamsewu, amaziona ali patali.

Chindapusa cha pamsewu chimayambira pa £100 n'kufika £300 malinga ndi kuchuluka kwa zopitirirazo, ndipo zikapyola kwambiri nkhani imapita kukhoti. Chopweteka kuposa ndalamazo n'chakuti galimoto imaletsedwa kuyenda mpaka katundu atatsitsidwa, ndiye kuti ntchito ya tsikulo yafera pomwepo pamene antchito akuyembekezera malipiro awo. Langizo lathu ndi lakuti musanapereke ndalama kwa wogulitsa, pitani nayo galimotoyo pa sikelo yoyezera magalimoto ili ndi mafuta odzaza, muone chotsala. Wogulitsa wokana zimenezi akudziwa chimene akubisa.

Ena amati njira ndi kugula lole ya matani 7.5. N'zotheka, koma imafuna laisensi ya C1 kwa amene anakhoza mayeso oyendetsa kuyambira 1 Januwale 1997, imafunanso operator's licence, chilolezo chogwiritsira ntchito lole pa bizinesi, pamodzi ndi malo ovomerezeka oimikapo ndiponso kuyenderedwa kawirikawiri. Kwa woyamba kumene, ife sitikuona kuti ndalama zake zingabwerere msanga. Okhala ku London aonjezerepo nkhani ya ULEZ, dera lolipiritsa magalimoto otulutsa utsi wambiri: kuyambira pa 29 Ogasiti 2023 dera lake linakuta London yense, ndipo vani ya dizilo yosafika pa muyezo wa utsi wa Euro 6 imalipira £12.50 tsiku lililonse imene yayenda. Mizinda ina monga Birmingham ndi Bristol ilinso ndi malipiro akeake.

Nanga laisensi yoyendetsera ya kwathu imagwira ntchito?

Imagwira miyezi 12 kuchokera pamene munakhazikika kuno. Ya ku South Africa ndi ya ku Zimbabwe imatha kusinthidwa ku DVLA, ofesi ya boma yopereka malaisensi oyendetsera, koma ya ku Malawi ndi ya ku Zambia sisinthidwa, ndiye kuti mayeso ayenera kulembedwanso.

Kodi ndingakoke chipper, makina ogaya nthambi, ndi laisensi wamba?

Kuyambira pa 16 Disembala 2021, laisensi ya B imalola kukoka ngolo yolemera mpaka makilogalamu 3,500, koma galimoto iliyonse ili ndi malire akeake olembedwa pa kachitsulo ka pakhomo kapena mu injini, ndipo amenewo ndiwo otsatira. Oyamba ambiri amasankha chipper yosapitirira makilogalamu 750, monga Timberwolf TW 230, imene imagaya nthambi mpaka mainchesi 6. Kulemera kwa galimoto ndi ngolo pamodzi kukapitirira matani 3.5, malamulo a tachograph, kachipangizo kolemba maola amene mwayendetsa, angathe kukukhudzani. Pali okhululukidwa, koma zimadalira mtunda ndi mtundu wa katundu, choncho funsani a DVSA molemba ndipo yankho lawo mulisunge.

Chabwino n'chiti: kugula chipper pa ngongole, kuchita lease kapena kubwereka pa tsiku?

Palibe yankho limodzi, ndipo tikukana mwadala kutchula kampani yobwereketsa ndalama. Pa hire purchase mumapereka ndalama yoyamba, kawirikawiri pamodzi ndi VAT yonse ya makinawo, n'kumalipira mwezi ndi mwezi mpaka makinawo atakhala anu. Ubwino wake ndi wakuti mtengo wa makinawo ungathe kuchotsedwa pa phindu lokhomedwa msonkho kudzera mu Annual Investment Allowance, imene malire ake ndi £1 miliyoni pa chaka. Pa lease makinawo amakhalabe a kampani, VAT imagawidwa pa malipiro a mwezi uliwonse, ndipo chochotsedwa pa phindu ndi malipirowo. Samalani ndi pick-up ya zitseko zinayi: kuyambira Epulo 2025 HMRC, bungwe la boma lotolera msonkho, imaiwerengera ngati galimoto wamba pa nkhani imeneyi, choncho mwayi wa Annual Investment Allowance suikhudza.

Maganizo athu, amene ena sakondwera nawo, ndi akuti chaka choyamba n'chobwereka. Kubwereka pa tsiku kumaoneka kodula, koma sabata imene mvula ndi mphepo zaletsa kukwera simulipira kanthu, pamene ngongole siyang'ana kumwamba. Mukaona kuti ndalama zobwerekera pa mwezi zakhala zikuposa zimene mukanalipira pa ngongole kwa miyezi ingapo yotsatizana, nthawi yogula yakwana. Musanasaine, funsani ndalama zonse zimene mudzakhale mutalipira pomaliza, osati za mwezi umodzi zokha, ndipo muone ngati pali personal guarantee, chifukwa imeneyo imatanthauza kuti bizinesi ikagwa ngongole imatsata inuyo, ngakhale munalembetsa kampani. Ngongole ya boma ya Start Up Loans, imene imafika £25,000, nayonso ndi ya munthu, osati ya bizinesi. Ma chipper amabedwanso kwambiri, ndipo a inshuwalansi amaika mfundo za loko ndi malo osungira zimene mukaziphonya mumatsala ndi ngongole ya makina amene kulibe.

N'chifukwa chiyani ofesi yanu imakana kulemba kalata yoikira munthu umboni kwa obwereketsa ndalama?

Sitibwereketsa ndalama, sitiimira munthu pa ngongole, ndipo sitinalonjezepo zimenezi. Ena amadandaulanso za kuchedwa kwathu, ndipo n'zoona kuti mayankho athu amachedwa, nthawi zina kupitirira mmene tikanafunira, popeza ogwira ntchito muno ndi odzipereka ndipo ali ndi ntchito zawo. Koma kuchedwa kwathu sikungakhale chifukwa chosainira pepala limene simunaliwerenge.

Kodi uphungu wanu ndi wolipira?

Ayi, ndi waulere, ndipo aliyense wokupemphani ndalama m'dzina lathu mutidziwitse.

Wondithandiza ndi mlamu wanga, ndimamupatsa ya tsiku. Inshuwalansi ya antchito ikufunikabe?

Mwachidziwikire inde. Munthu amene mumamuuza nthawi yofika, kumupatsa zida ndi kumulamula chochita, lamulo lingamuone ngati wantchito wanu ngakhale mumutche mlamu kapena waganyu. Employers' liability iyenera kukhala ya £5 miliyoni kapena kuposerapo, ndipo kusakhala nayo kungadzetse chindapusa cha £2,500 pa tsiku. Pali chikhululukiro cha mabizinesi a pabanja, koma chimakhudza achibale apafupi okha otchulidwa m'lamulo ndipo sichikhudza kampani yolembetsedwa, ndiye musachidalire musanafunse. Public liability, yoteteza denga la mwini nyumba kapena galimoto ya woyandikana naye, si yokakamiza mwalamulo, koma kugwira ntchito imeneyi popanda iyo ndi kuseweretsa nyumba yanu yomwe. Werenganinso malire a kutalika kwa mtengo amene inshuwalansi yanu ikulola. Ndipo wokwera sagwira yekha: pansi payenera kukhala wina wodziwa kukwera ndi kupulumutsa, amene malipiro ake alowe pa mtengo umene mukutchulira kasitomala.

Msonkho umayamba liti?

Wodzilemba yekha ntchito alembetse ku HMRC pasanafike 5 Okutobala wotsatira chaka cha msonkho chimene anayambira, ndipo alipire pofika 31 Januwale. Chimene chimadzidzimutsa ambiri n'chakuti msonkho ukapitirira £1,000, tsiku lomwelo amafunanso theka la msonkho wa chaka chotsatira, theka lina pa 31 Julaye. Patulani gawo la malipiro aliwonse mu akaunti ina, ndipo malisiti a mafuta, matcheni ndi kukonzetsa muzisunga. VAT imakakamizidwa zolowa zonse za miyezi 12 yotsatizana zikapitirira £90,000, ndipo zowerengedwa ndi zolowa, osati phindu. Makasitomala a m'makomo sabwezeredwa VAT, choncho 20 peresenti imeneyo idzakweza mitengo yanu kapena kudya phindu lanu.

Mwini nyumba wandilola kudula. Khonsolo ikubweramo bwanji?

Mtengo ungakhale pansi pa Tree Preservation Order, lamulo la khonsolo louteteza, ndipo ukatero pafunika chilolezo cholembedwa cha khonsolo. M'dera lotetezedwa chifukwa cha mbiri kapena kamangidwe kake, lotchedwa conservation area, mumadziwitsa khonsolo masabata asanu ndi limodzi ntchito isanayambe. Mlandu umagwera wodula pamodzi ndi mwini mtengo, choncho fufuzani nokha musanatchule tsiku.

Kodi zinyenyeswa ndi nkhuni ndingachite nazo mmene ndingafunire?

Wonyamula zotsalira za ntchito yake ayenera kulembetsa ku Environment Agency ngati waste carrier. Amene amanyamula zochokera pa ntchito yake yokha kawirikawiri amalowa m'gulu la lower tier, limene silipiritsa, koma mukayamba kunyamula zinyalala za ena gulu limasintha. Nkhuni zogulitsa zosakwana makyubiki mita awiri ziyenera kukhala zouma, chinyezi chosapitirira 20 peresenti, ndipo zikhale ndi chizindikiro cha Ready to Burn. Zaziwisi zimagulitsidwa kuyambira makyubiki mita awiri kupita m'tsogolo, pamodzi ndi malangizo olembedwa a kaumitsidwe kake.