Unzika wa wofuna upulezidenti: mayankho pa mafunso amene atichulukira

Chisankho chikayandikira, foni ya ku ofesi yathu yophunzitsa anthu za ufulu ndi zisankho sipuma. Funso limakhala lomwelomwelo: "Uje si Mmalawi, nanga akuyimira bwanji?" Ena afika potinena kuti tikudziwa zoona koma tikubisa. Tinene poyambirira kuti ofesi ino siloleza kapena kuletsa munthu kupikisana nawo. Imeneyo ndi ntchito ya bungwe loyendetsa zisankho la MEC ndi makhoti. Ife tingofotokoza zimene lamulo likunena.

Kodi lamulo limafuna chiyani kwenikweni?

Gawo 80 la malamulo oyendetsera dziko lino likuti munthuyo akhale nzika ya Malawi pobadwa kapena kudzera mwa makolo, ndipo akhale atakwanitsa zaka 35. Wachiwiri wake nayenso chimodzimodzi.

Nanga amene anachita kupempha unzika atakula?

Kuvota angavote, koma mpando wa pulezidenti sangaupikisanire.

Munthu wobadwira ku Zimbabwe kapena ku Joni angayimire?

Angathe. Apa ndi pamene ambiri amasokonezeka, chifukwa amaganiza kuti lamulo likufunsa kumene kunagwera mchombo wa munthu. Ayi, likufunsa unzika. Amalawi miyandamiyanda anapita kukagwira ntchito m'migodi ndi m'mafamu ku Harare, ku Joni ndi ku Copperbelt, ndipo ana awo anabadwira komweko. Mwana wobadwira kunja amatha kutenga unzika wa Malawi kudzera mwa kholo lake, malinga ndi zimene lamulo la unzika la 1966 ndi zosintha zake likunena. Tikuti "amatha" chifukwa nkhani ya munthu aliyense imatengera chaka chimene anabadwa, unzika wa kholo lake pa nthawiyo, komanso ngati iyeyo anatenga unzika wina pambuyo pake. Kuyankhula Chichewa chosakanikirana ndi Chishona, kapena kutchedwa mtchona, si umboni wa chilichonse pamaso pa lamulo.

Bwanji amene ali ndi green card (chikalata cholola mlendo kukhazikika ku America) kapena unzika wa mayiko awiri?

Funso ili ndi lovuta, ndipo tiyankha mosamala. Gawo 80 lomweli limaletsa munthu amene ali ndi udindo wokhala wokhulupirika ku dziko lina. Vuto ndi lakuti malamulowo sakutchula green card, pasipoti kapena chikalata china chilichonse. Angotchula za kukhulupirikako.

Nkhaniyi inavuta chisankho cha pa 20 May 2014 chisanachitike. A Peter Mutharika anakhala zaka zambiri ku America akuphunzitsa zamalamulo pa Washington University ku St. Louis, ndipo anali ndi green card. Otsutsana nawo ankati chikalatacho chikuwamangirira ku America. Owaikira kumbuyo ankati green card ndi chilolezo chokhala ndi kugwira ntchito m'dzikolo basi, mwini wake savota kumeneko ndipo sanalumbire monga amalumbirira wotenga unzika. A Mutharika anabweza chikalatacho kumayambiriro kwa 2014, MEC inalandira zikalata zawo, anapikisana nawo n'kupambana. Kubwezako kunathetsa phokoso la nthawi imeneyo, koma musatenge nkhaniyi ngati chigamulo choti green card njololedwa kapena njoletsedwa kwa wina aliyense.

Za unzika wa mayiko awiri, Nyumba ya Malamulo inavomereza mu December 2018 kuti Mmalawi azitha kukhala nzika ya dziko linanso. Kumeneko kunali kusintha lamulo la unzika, osati Gawo 80. Mmene ife tikuonera, munthu amene anaimika dzanja n'kulumbira kuti adzakhala wokhulupirika ku dziko lina angavutike kwambiri kutsimikizira khoti kuti chiletsocho sichikumukhudza. Awa ndi maganizo athu chabe. Wokhala ndi mawu omaliza ndi woweruza, ndipo amene zikumukhudza akaonane ndi loya asanapereke zikalata zake.

Kodi si zoona kuti makolo onse awiri ayenera kukhala Amalawi?

M'Gawo 80 mulibe mawu amenewo. Anthu amasokoneza ndi zimene zinachitika ku Zambia. Mu 1996 boma la a Frederick Chiluba linasintha malamulo kuti wofuna upulezidenti akhale ndi makolo onse awiri a ku Zambia. Aliyense ankadziwa amene akusakidwa: a Kenneth Kaunda, obadwira ku Chinsali, amene analamulira dzikolo zaka 27 koma makolo awo anachokera kuno ku Nyasaland. Chipani cha a Kaunda cha UNIP chinanyanyala chisankho cha chaka chimenecho. Msampha womwewo unatembenukira a Chiluba pamene otsutsa anawatengera ku khoti ponena kuti anabadwira ku Congo, ndipo khoti la Supreme linawaikira kumbuyo mu 1998. Mu 1999 khoti lalikulu ku Ndola linagamula kuti a Kaunda si nzika ya Zambia, munthu amene anatsogolera dzikolo ku ufulu! A Guy Scott, amene anali wachiwiri kwa pulezidenti wa Zambia, anagwirizira mpando pulezidenti Michael Sata atamwalira mu 2014, koma sanapikisane nawo pa chisankho cha January 2015. Lamulo lomwe lija linawatsekereza chifukwa makolo a a Scott anachokera ku Britain. Zambia inachotsa ndime ya makolo ija mu 2016. Ife sitikufuna kuti dziko lathu lidutse njira yomweyo, ndipo sitibisa.

Nanga bwanji simungotiuza ngati uje ndi nzika kapena ayi?

Chifukwa tilibe mafayilo a munthu aliyense, ndipo sitili ndi mphamvu yowaitanitsa. Zimenezo zili ku nthambi yoona zolowa ndi kutuluka m'dziko komanso ku NRB, bungwe lolemba anthu m'kaundula ndi kupereka zitupa za unzika. Kukhala chete kwathu si kukondera chipani.

Kodi chitupa cha unzika sichikwanira kuthetsa mkangano?

Tivomereze kuti sichikwanira nthawi zonse. Chitupa chimasonyeza kuti munthu ndi nzika ya Malawi, koma sichinena ngati analumbiranso kwina. Komanso anthu ambiri achikulire alibe chikalata cha kubadwa, chifukwa kale ana a kumudzi sankalembedwa m'kaundula. Kusowa kwa chikalatacho sikumusandutsa munthu mlendo.

Ndili ndi umboni. Ndipite nawo kuti?

Lembani dandaulo ku MEC, mulumikize umboniwo. Mukapanda kukhutira ndi yankho, Gawo 76 limakupatsani ufulu wokadandaula ku khoti lalikulu. MEC inakanapo munthu wamkulu: mu 2009 inakana a Bakili Muluzi, pa nkhani ya matemu osati ya unzika, ndipo khoti linagwirizana nayo. Chithunzi cha pasipoti choyenda pa WhatsApp chopanda kochokera si umboni umene khoti lingadalire. Dandaulo la zisankho limakhala ndi masiku ake, choncho musadikire kuti mavoti awerengedwe kaye.