Musanalembe sed -i, yambani mwaona mizere imene isinthe

Ndatopa nako kumva anthu akudandaula kuti sed yawawonongera mafayilo. Pulogalamu yosinthira mawu m'mafayiloyi, imene Lee McMahon anailemba ku Bell Labs m'zaka za m'ma 1970, imachita zokhazo zimene mwaiuza, ndipo vuto lagona pa -i amene ambiri amamuwonjezera mosaganiza. Popanda -i, sed imangoonetsa zotsatira pa sikirini, fayilo n'kukhala mmene inalili, koma mukamuika imalemba m'fayilo momwemo osakufunsani, ndipo palibe batani lobwezera.

Imene imandiwawabe ndi nkhani ya mnyamata wina wa kuntchito kwathu, amene ankafuna kusintha adiresi ya seva 10.0.0.1 kuti ikhale 10.0.0.5 m'mafayilo pafupifupi 40. Analumikiza find, pulogalamu yofufuza mafayilo, ndi sed -i 's/10.0.0.1/10.0.0.5/g', lamulo linadutsa mwakachetechete, iye n'kuweruka. Sanadziwe kuti 10.0.0.14 inali itasanduka 10.0.0.54, ndipo 10.0.0.100 inali itasanduka 10.0.0.500, adiresi imene singakhaleko n'komwe, chifukwa sed sinauzidwe pamene nambalayo ikuthera. Kadontho nakonso, mu sed, kamaimira chilembo chilichonse pokhapokha mutaika \ kumayambiriro kwake, chonchi: \. Mnyamatayo ataona makina ena akukana kulumikizana anachita mantha n'kukhala chete masiku atatu, ndipo pamene ankatiuza, zosunga za usiku uliwonse zinali zitalemba kale pamwamba pa makope abwino. Ntchito ya mphindi ziwiri tinaikonza ndi manja Loweruka lonse. Kulakwitsako sindimamuimba nako mlandu kwenikweni, koma kuchedwa kunena.

Yambani ndi grep -rn, lamulo lofufuza mawu m'mafayilo, kuti muone mzere uliwonse umene ukhudzidwe, ndipo muiwerenge mizereyo ndithu, osangoiyang'ana. Kenako yesani sed pa fayilo imodzi popanda -i. Mukakhutira, lembani -i.bak kuti fayilo iliyonse isiye kope lake lakale, ndipo ngati mafayilowo ali mu Git, pulogalamu yosunga mbiri ya zosintha za mafayilo, musalole find kulowa m'foda ya .git, komanso onani zimene zasintha ndi git diff musanapitirire.

Chenjerani ndi odzitcha akatswiri a pa intaneti amene amagawa lamulo la mzere umodzi ngati mankhwala ochiza matenda onse, asanaone n'komwe mafayilo anu. Ambiri satchula kuti sed ya pa macOS si ya GNU imene imapezeka pa Linux: kumeneko -i amafuna mawu omutsatira, ngakhale opanda kanthu monga '', moti lamulo limene layenda bwino pa Linux likhoza kukana kapena kuchita zina.