Satifiketi ya Grade C si chilolezo cha ulonda kuno ku Joni

Sabata ikamatha ndimakhala nditaona anyamata angapo akumudzi atafika pa geti la ofesi yathu, envulopu ya khaki m'manja, akuti: "Achimwene, ndamaliza Grade C, mundilembe." Grade C ndi gawo limodzi la maphunziro a ulonda. Ndikawafunsa nambala ya PSIRA, bungwe loyang'anira ntchito za ulonda m'dziko muno, amayamba kukanda m'mutu. Ndakhala pa ntchito yolemba ndi kuyang'anira alonda ku Johannesburg kwa zaka zambiri, ndipo kufotokoza chinthu chomwechomwechi kwanditopetsa.

Pepala la kusukulu limangosonyeza kuti munaphunzira. Chilolezo chimachokera ku PSIRA, bungwe limene linakhazikitsidwa ndi lamulo nambala 56 la chaka cha 2001, ndipo likulu lake lili ku Centurion. Popanda kulembetsa kumeneko, kulondera malo molipidwa ndi mlandu, kwa inu komanso kwa amene wakulembaniyo. Za magiredi E, D, C mpaka B ndi A sinditaya nazo nthawi, aliyense amazidziwa. Zoti mukhale ndi zaka 18, ajambule zala zanu, musakhale kuti munapezeka olakwa pa mlandu waukulu m'zaka 10 zapitazi, nazonso sizivuta kumva.

Pamene ambiri a ife timagwera ndi pa ndime 23 ya lamuloli. Imati wolembetsa akhale nzika ya South Africa kapena munthu amene anapatsidwa chilolezo chokhala m'dzikoli mpaka kalekale. Pasipoti yodindidwa masiku 30 pa Beitbridge siikwanira. Pepala la asylum, la wopempha chitetezo ngati wothawa kwawo, silikwanira. Anthu othawa kwawo anakadandaula za ndimeyi mpaka ku khoti lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko, ndipo mu Disembala 2006 khotilo linagamula kuti ndimeyo ndi yovomerezeka. Linangokumbutsa kuti PSIRA ili ndi mphamvu yolembetsa munthu mwapadera ngati wapereka zifukwa zomveka. Kameneko ndi kakhomo kakang'ono, kolowera ndi kalata ndi umboni, osati ndi ndalama ya m'thumba.

Ndiye chimandipweteka n'chakuti masukulu ena amalandira ndalama za mnyamata akuona ndithu kuti wanyamula pasipoti ya Malawi yopanda chilolezo chilichonse. Amamuphunzitsa kuguba, kulemba m'buku la zochitika, kuyankhula pa wailesi, kenako satifiketi yokongola ya chidindo chagolide. Samuuza kuti ikathera m'chikwama. Musanalipire kobiri, funsani ngati sukuluyo ndi yovomerezeka ndi PSIRA, ndipo musangokhulupirira chikwangwani cha pakhoma, kafufuzeni nokha pa intaneti ya bungweli. Koma choyamba yang'anani mapepala anu okhalira m'dziko muno.

Kenako pamabwera madobadoba. Awa ndiwo amandikwiyitsa kwambiri, chifukwa ena ndi akwathu omwe, amayankhula Chichewa chabwinobwino pa WhatsApp. Amati ali ndi munthu wawo m'kati, khadi ya PSIRA ituluka Lachisanu. Chimene amachita n'kutenga nambala ya mlonda wina weniweni n'kumata chithunzi chanu.

Pali mnyamata wina amene mpaka lero sandichoka m'mutu. Ndinamubweza chifukwa cha mapepala, ndinamuuza zoona zonse, anapita ali wokhumudwa. Patapita miyezi ndinamva kuti wapeza ntchito pa kakampani kena kopanda ngakhale ofesi, akulondera malo omangapo nyumba usiku, khadi yogula ili pachifuwa. Anthu oba mawaya anamumenya ndi chitsulo pa bondo. Ndinakamuona kuchipatala, ndipo pa kabati panali kakhadi kaja, dzina la munthu wina, nkhope yake. Bwana wake anali atazimitsa foni. M'mabuku a kampaniyo munalibe dzina lake, ndiye za chipukuta misozi cha ovulala pa ntchito zinakhala zovuta kuyambira pa chiyambi, iye mwini akuopa kupita kulikonse kukadandaula poti angamufunse za khadi ija. Malipiro a mwezi umenewo sanawaone. Abale anasonkha ya basi, anabwerera kumudzi akutsimphina. Nthawi zina ndimadzifunsa ngati tsiku lija ndikanakhala naye pansi nthawi yotalikirapo m'malo momuyankha ndili chiimire pa geti.

Inu amene mapepala anu ali bwino, vuto lanu ndi kuzengereza. Satifiketi ya PSIRA ya mlonda imafuna kukonzedwanso pakatha miyezi 24. Ambiri mumakumbukira pamene oyendera a bungweli afika kale pa malo a ntchito, kapena kampani ikufuna kupikisana ndi makampani ena pa kontirakiti ndipo dzina lanu laoneka kuti latha. Pamenepo ine ndilibe chochita, ndimakuchotsani pa ndandanda wa mashifiti mpaka mutakonza, ndipo masiku amenewo salipidwa. Nambala ya foni imene munalembetsa nayo muisunge, chifukwa zambiri tsopano zimadutsa pa intaneti, ndipo amene amasintha SIM khadi mwezi ndi mwezi amavutika kulowa mu akaunti yawo yomwe.

Za mfuti musasokoneze. Grade C sikupatsani ufulu wogwira mfuti. Pamafunika maphunziro ena ndi chiphaso cha apolisi motsata lamulo la mfuti la chaka cha 2000. Bwana akakupatsirani mfuti usiku n'kunena kuti mapepala adzakonza mawa, ibwezeni pomwepo iye akuona.