Chifukwa chimene antchito amakanira kusintha

Akuluakulu a bungwe akafuna kusintha kagwiridwe ka ntchito, kawirikawiri amatha miyezi akukambirana za ndalama ndi zipangizo, kenaka n'kuuza antchito pamsonkhano umodzi wokha, ndipo zinthu zikavuta amati anthuwo ndi ouma mutu. Kuti kusintha n'kofunika palibe angatsutse. Kampani ya Kodak inali ndi kamera ya digito kuyambira mu 1975, yopangidwa ndi injiniya wake Steven Sasson, koma inakakamira filimu yojambulira zithunzi poti ndi momwe munali phindu, mpaka mu 2012 inakapempha chitetezo cha khoti italemedwa ndi ngongole.

Koma za kuuma mutuzo ine sindigwirizana nazo. Mu 1948, ofufuza Lester Coch ndi John French anafalitsa zimene anapeza pafakitale ya Harwood ku Virginia m'dziko la America, yosoka zovala zogonera, kumene antchito ankalipidwa malinga ndi kuchuluka kwa zomwe apanga. Gulu lina linangouzidwa njira yatsopano, pamene magulu ena anakhala pansi ndi mabwana n'kuikonzera limodzi. Kwa ongouzidwawo ntchito inalowa pansi, madandaulo anachuluka ndipo ena anasiya, koma amene anafunsidwa maganizo anabwerera msanga pamlingo wawo wakale mpaka kuupitirira.

Chimene munthu amaopa ndi kutaya zomwe ali nazo. Taganizirani kalaliki amene wasunga kaundula wa katundu zaka 20, yemwe aliyense amadalira pofuna kudziwa zatsala m'nkhokwe. Mukamupatsa kompyuta, luso limene linkamupatsa ulemu latha tsiku lomwelo, ndipo tsopano ayenera kufunsa mnyamata amene wangolembedwa ntchito kumene. Musadabwe mukapeza kuti bukhu lakale lija akulilembabe, atalibisa m'dirowa. Maphunziro a masiku awiri sachotsa manyazi otere. Pamafunika nthawi yoti alakwitse popanda kudzudzulidwa pagulu, komanso kumufunsa zimene bukhulo linkachita bwino, chifukwa nthawi zambiri amadziwa zimene okonza pulogalamu anaziiwala.

Kurt Lewin, katswiri wa maganizo a anthu, anagawa kusintha patatu: kumasula zizolowezi zakale, kusuntha, ndi kukhazikitsa zatsopano. Gawo lachitatuli ndi limene limanyalanyazidwa kwambiri, mwina chifukwa silikhala ndi mwambo wotsegulira. Ngati malipiro, kukwezedwa pantchito ndi malipoti amene bwana amafuna zikutsatirabe njira yakale, antchito amabwerera komweko pakangotha miyezi yochepa, ndipo sakhala atalakwitsa.